Fupa la Aphunzitsi a Ziblim

"Ndati chinthu chimenechi chituluke m'nyumba mwanga," anatero a Sanatu, atakweza chipande m'mwamba ngati afuna kugamula nacho mlandu. "Sabata yatha ndinangoyang'ana, ndimati ndi zibwana za kusukulu. Lero ndakana. Mwana wanga sangamwe phala atavala nsagwada za mbuzi yakufa."

"Mbuzi yamoyo sikanalola kubwereketsa nsagwada zake, mayi a Tipagya," anayankha amuna awo, a Ziblim, maso ali pa mulu wa makope amene ankachonga.

"Sekani. Inu ndi Chingerezi chanucho, sekani ndithu."

Unali m'mawa wa Loweruka. Tipagya, mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anali atakhala pakampando pakati pa bwalo la nyumba, akumwa phala la mapira mosapupuluma, ngati mkanganowo unali wa anthu a nyumba ina. Pakhosi pake pankalendewera fupa loyera, mano ali mbee, lomangidwa ku chingwe chakuda ndi thukuta la makosi ambirimbiri.

Pasukulu ya sekondale ya m'tauni yawo yaing'onoyo, kum'mawa kwa mzinda wa Tamale, panalibe wosalidziwa fupalo. Amene analiyambitsa anali a Ziblim eni ake, mphunzitsi wa Chingerezi ndi mbiri yakale, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Wophunzira akamveka akulankhula Chidagbani, chilankhulo cha makolo awo, mkati mwa mpanda wa sukulu ankavekedwa fupa, ndipo kuti limuchoke ankayenera kutchera khutu mpaka atagwira mnzake, n'kumuveka. Amene fupa lamupeza Lachisanu ankatchetcha udzu masana onse. Amene lamupeza Lachisanu katatu motsatizana ankabwezedwa kunyumba mwezi wathunthu, osaloledwa kupondanso pasukulu ngakhale kutagwa chotani. Chilango chachiwirichi chinali chisanagwerepo munthu, pakuti fupalo silinkagona pakhosi limodzi masiku awiri. Koma Tipagya anali atakhala nalo Lachisanu kawiri, ndipo mayeso ake otsiriza anali kuyamba pakangotha milungu itatu.

"Tipagya," anatero a Ziblim, atatseka kope, "palibe wakuuza kuti uzivala fupa kunyumba kuno."

"Ndikalivula ndiliiwala, Baba. Ndiye Lolemba mundilanganso kuti ndataya katundu wa sukulu."

"Wamva mmene akundiyankhira?"

"Ndamva," anatero a Sanatu. "Akuyankha ngati mwana wa mphunzitsi. Mufunseni kuti analakwa chiyani. Milungu iwiri yonseyi simunamufunse."

"Ndikudziwa chimene analakwa."

"Mukudziwa chilankhulo chimene ndinalankhula, Baba, koma zimene ndinkanena simukuzidziwa." Tipagya anaika mbale pansi. "Ndinkamufotokozera Azara, mnzanga wa m'kalasi, phunziro lanu lomwe, lija la mmene Azungu anadulira dziko lathu pakati, Angerezi uku, Ajeremani uku. Munaliphunzitsa bwino kwambiri, mawu ake okoma ngati nyimbo. Koma Azara sanatolepo kanthu. Nditamuuza m'Chidagbani kuti mzere wawowo unkatha kudutsa pakati pa nyumba ya munthu ndi chitsime chake, anamva pomwepo, mpaka anayamba kutukwana Ajeremani. Kamtsikana ka fomu 1 kanali katabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Kanandiveka fupa kakunjenjemera, kenaka kanandipepesa."

"Ndiye iwe ukulephera chiyani kuchita zomwezo? Pasukulu pali ana mazana asanu ndi limodzi."

"Mukufuna nanenso ndikabisale kuseri kwa thanki?"

A Ziblim anavula magalasi. Anali munthu wamtali, wowonda, wa tayi ngakhale m'nyengo yotentha, ndipo akafuna kulankhula za mumtima ankayamba wapukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Inu nonse awiri mukuona ngati ndine wankhanza. Mayeso amabwera m'Chingerezi. Amene amachonga kumwera uko sadziwa ngakhale moni wa kuno. Ine ndinafika kukoleji ndikulephera kupempha madzi akumwa, anzanga akundiseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinalumbira kuti mwana wodutsa m'manja mwanga sadzasekedwa chotero. Kodi pamenepo pali tchimo?"

"Palibe amene akuwaseka ana anuwo, n'zoona, chifukwa salankhula," anatero a Sanatu. "Ine ndimakazinga kose, zitumbuwa zathu za nyemba, pampanda wa sukulu yanu tsiku ndi tsiku. Ana amagula ndi zala ngati osalankhula. Wina amangoloza m'chiwaya, n'kutukula zala zitatu. Mwana woti ndinaona mayi ake ali ndi pakati pa iye, amandiyang'ana maso ali gwa, osandipatsa moni, chifukwa iye waima mkati mwa waya, ine kunja. Zitumbuwa za nyemba zokha ndi zimene zimaloledwa kudutsa mpandawo, mawu ayi."

"Mwambo ndi mwambo. Sindiwapempha chimene ine sindichita. Zaka khumi ndi chimodzi palibe anandimvapo ndikulankhula Chidagbani mkati mwa mpanda uja."

"Eya, timamva. Mumanena chaka chilichonse ana atsopano akabwera, mawu amafika mpaka pachiwaya panga, Tipagya ndiye anandimasulira. 'Tsiku limene mudzandimve ine, mudzandiveke fupali, ndipo ndidzalivala.'"

"Ndipo ndimanena zoona."

A Sanatu anawayang'ana amuna awo kwa kanthawi, chipande chili m'manja. Kenaka anatembenuka n'kubwerera kumoto. A Ziblim anaona ngati apambana, ndipo anatsegulanso makope awo.

Lolemba a Ziblim analowa m'kalasi ya fomu 3 ndi ndakatulo imene ankaikonda kuposa zonse za m'buku la mayeso, ya mlimi amene anafesa mbewu yake yotsiriza mvula isanagwe. Anaiwerenga mokweza, mosathamanga, akuyendayenda pakati pa madesiki, mawu aliwonse akuwapatsa ulemu wake. Atamaliza, mtima wawo unali utadzaza monga unkachitira chaka chilichonse.

"Tsono tiuzane," anatero m'Chingerezi. "Mlimi ameneyu ndi wolimba mtima, kapena ndi wopusa?"

Mitu makumi anayi ndi isanu ndi itatu inawerama nthawi imodzi. Wina anayamba kusongola pensulo yosongoka kale. Panja nkhanga inalira, ndipo ana angapo anacheukira kuwindo ngati akuithokoza.

"Azara?"

Azara anaimirira, nayang'ana kudenga. "Ndi wolimba mtima, Aphunzitsi."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa si wopusa, Aphunzitsi."

Zinkatha chonchi nthawi zonse. A Ziblim ankatembenukira kubolodi n'kulemba okha yankho, ana n'kukopera mwaukhondo, ndipo pamayeso ankawabwezera mawu awo omwe, osasowa ngakhale limodzi. Kalekale iwo anali atagamula mumtima kuti ana a masiku ano alibe maganizo, kuti m'mitu mwawo muli mpira ndi mafoni basi. Koma tsiku limeneli, choko chili m'manja, anakumbukira Azara akutukwana Ajeremani kuseri kwa thanki, ndipo chinawawawa pang'ono kuti iwo sanawamveko matukwanowo. Pamzere wachitatu Tipagya ankalemba, fupa likugunda desiki nthawi iliyonse akawerama.

Belu litalira anapita ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. A Issahaku anali munthu wonenepa, wansangala, wokonda mtendere ndi nyama ya nkhanga. Chitseko cha ofesi chikatsekedwa ankalankhula Chidagbani ndi aliyense, ndipo a Ziblim okha ndiwo ankawayankha m'Chingerezi.

"Ndikudziwa chimene mwadzera," anatero a Issahaku. "Koma m'bale wanga, lamuloli ndi mwana wanu wobereka nokha. Akanakhala mwana wa mlimi wa zilazi, bwenzi mukundiuza inu nomwe kuti timubweze. Tikamusiya chifukwa ndi wa mphunzitsi, makolo adzatiyang'ana bwanji pamsika?"

"Akabwezedwa salemba mayeso. Chaka chonse chipita m'madzi."

"Ndiye asabwezedwe. Nkhani yake ndi yaing'ono ngati mbewa. Muuzeni akaime pafupi ndi mpopi wa a fomu 1 mphindi zisanu zokha. Tiana timeneti tikamalimbirana madzi timaiwala Chingerezi chonse. Aveke kamodzi, katchetche udzu Lachisanu, nkhani yatha. Udzuwonso wakula."

Masana, pobwerera kunyumba, a Ziblim anamuuza mwana wawo malangizowo, ngakhale kuti anawakometsera ndi mawu ena. Tipagya anamvetsera mpaka kumapeto.

"Baba, chaka chatha munatiphunzitsa za anthu aja ankaloza anzawo kwa atsamunda kuti iwo asagwidwe thangata. Mukukumbukira dzina limene munawatcha? Ine ndinalemba m'kope, ndinadulanso mzere kunsi kwake."

"Zimenezo ndi za mbiri yakale."

"Munatiuzanso kuti mbiri yakale sitiphunzira chifukwa cha mayeso okha."

"Ndinanena zambiri, mwana iwe. Sindinkadziwa kuti wina akumva."

Tipagya anaseka, koma maso ake anali ofiira. "Mayeso ndikuwafuna, Baba. Ndawerenga zaka zitatu. Koma kamtsikana kaja sindikuiwala mmene kankanjenjemerera. Sindikufuna wina azinjenjemera chifukwa cha ine."

Atafika pamphambano anapeza a Sanatu akupatsira woyendetsa lole ya zilazi kaphukusi ka mtedza wa kola kokulunga m'masamba. Loleyo inkapita kumudzi kwawo kwa a Sanatu.

"Kwagwanji kumudzi?" anafunsa a Ziblim.

"Ndikupereka moni kwa bambo anga. Kapena nazonso zili ndi lamulo?"

Lachiwiri linadutsa, Lachitatu linadutsa, fupa lili pakhosi pomwepo. Ana a fomu 1 anazindikira kuti Tipagya sagwira munthu, moti anayamba kumutsatira ngati anapiye, akunong'onezana Chidagbani kumbuyo kwake, pakuti pasukulu yonse malo otetezeka anali amenewo. A Ziblim ankaziona zonsezi ali pakhonde, ndipo chakudya chinasiya kuwakomera.

Lachinayi m'mawa sukulu yonse inali itandanda pabwalo la asembule. A Issahaku anali pamwamba pa khonde ndi chimkuzamawu chawo, akudandaula za mabotolo otayidwa paliponse, ndipo a Ziblim anali ataima m'munsi, kutsogolo kwa mizere, manja kumbuyo. Ndiye kuchipata kunamveka belu la njinga.

Analowa mkulu wina wa ndevu zoyera, atavala malaya aakulu oluka ndi chipewa chopindikira kumbali, ng'oma yaing'ono ya m'khwapa itamangidwa pakaliyala. Mlonda anayesa kuwaimitsa, koma mkuluyo anangomugwedezera mutu ngati wapatsidwa moni, n'kupitirira. Anali Mba Napari, bambo ake a Sanatu, woimba ng'oma wa kubwalo la mfumu, amene mayina a mafumu onse a dzikolo ndi nkhondo zawo anali m'mutu mwake. Anali asanapondepo pasukulu chibadwire. Anapalasa mosatekeseka kudutsa pakati pa mzere wa anyamata ndi wa atsikana, natsika pamaso penipeni pa mkamwini wawo.

Mawondo a Ziblim anadziwa chochita mutu usanaganize. Munthu sapatsa moni apongozi ake ali chiimire. Anavula nsapato, nanjuta pafumbi, tayi ikukhudza pansi, maso atazyolika. Ana mazana asanu ndi limodzi anasiya kupuma.

"Dasiba, mkamwini," anatero Mba Napari, mokweza monga amachitira anthu amene makutu ayamba kuwathawa.

Moni wa m'mawa umenewu uli ndi yankho limodzi lokha, ndipo si la Chingerezi.

"Naa," anatero chapansipansi.

"Sindikumva. Mwadwala pakhosi?"

"Naa, Mba."

"Kuzizira kwa m'mawa?"

"Naa."

"Ntchito? Akunyumba? Kutopa kwa dzulo?"

"Naa. Naa. Naa."

Mumtima a Ziblim ankadzilimbitsa kuti liwu limodzi lokhalo silingatchedwe kulankhula, kuti moni ukatha awatengera apongoziwo kunja kwa mpanda, akakambirane bwinobwino pansi pa mtengo. Koma Mba Napari anali atayamba kale kumwazamwaza maso m'mizere.

"Tipagya, bwera kuno ndikuone."

Mtsikanayo anatuluka pamzere, nanjuta pambali pa bambo ake. Mkuluyo anagwira fupa lija, nalitembenuza uku ndi uku, nalinunkhiza.

"Ndiye n'zoona. Mkamwini, mdzukulu wanga wadwala mpaka kumuveka chithumwa chachikulu chotere, ine osandiuza? Ndi matenda anji? Sing'anga wake ndi wa kuti? Ine ndakalamba, ndaona zithumwa za njoka, za maloto oipa, za ana olira usiku, koma cha nsagwada za mbuzi ndikuchiona lero."

A Ziblim anayang'ana kukhonde. A Issahaku anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choti aziyang'ana kumwamba. Funso la apongozi siliyankhidwa ndi mutu, ndiponso silidikira. Choncho mphunzitsi wa Chingerezi, atanjuta pafumbi wopanda nsapato, anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka Chidagbani chosalala, chakumudzi, chimene ana aja anali asanaganizepo kuti chingakhale m'kamwa mmenemo.

"Si chithumwa, Mba. Mwanayu sakudwala. Ndi chilango cha pasukulu pano."

"Waba?"

"Sanabe, Mba."

"Watukwana wamkulu?"

"Ayi, Mba. Analankhula Chidagbani."

"Kwezani mawu, mkamwini."

"Ndati analankhula Chidagbani."

"Inde, ndamva kuti analankhula. Ndikufunsa chimene analakwa."

Penapake kumbuyo mwana wina anatsamwa ndi chiseko. A Ziblim anafotokoza zonse: za mayeso, za ochonga a kumwera, za mpanda, za Lachisanu. Anafotokoza bwino, pakuti anali mphunzitsi, koma m'chilankhulo chimenechi mawuwo ankamveka mwina, ngati munthu akufotokoza chifukwa chimene wamangirira mwana wake pamtengo. Mba Napari anamvetsera akugwedeza mutu mwaulemu.

"Ndamva. Nzeru za sukulu n'zakuya. Ndiye aliyense wolankhula monga tikulankhuliramu, mkati mwa waya uyu, amavala fupa?"

"Ndi choncho, Mba."

"Ndiye ndipatseni langa, ndizipita. Kapena mbuzi zinatha?"

Apa chiseko chinaphulika bwalo lonse, mpaka aphunzitsi ena anabisa nkhope m'mabuku. Tipagya yekha sanaseke. Anaimirira, navula chingwe chija pang'onopang'ono, naima pamaso pa bambo ake. Chiseko chinazima.

"Aphunzitsi," anatero m'Chingerezi chomveka bwino, "ndakumvani."

A Ziblim anakweza maso. Akanatha kunena kuti mlendo ndi mlendo, kuti mwambo wa apongozi suwerengedwa, ndipo palibe mwana akanawatsutsa. Koma ana onsewo anali atamva lonjezo lawo, aliyense m'chaka chake choyamba, ndipo tsopano ankadikira kuti aone ngati mawu a mphunzitsi amalemera. Anaweramitsa mutu. Chingwe chinali chofunda, ndipo fupa linagwera pamwamba pa tayi.

Mba Napari anakwera njinga yawo. "Likukukhalani, mkamwini," anatero, napalasa kulunjika kumene kunkachokera fungo la kose.

Phunziro loyamba linali la fomu 3. A Ziblim analowa fupa likugwedera pachifuwa, napeza kalasi ili zii kuposa masiku onse. Aliyense anali atatseka pakamwa ndi mphamvu, podziwa kuti mlenje wa lero ndi woopsa. Anaika mabuku patebulo, napukuta magalasi.

"Musaope," anatero m'Chingerezi. "Fupali sindiveka munthu. Ndalimva kulemera kwake, ndipo ndi lolemera kuposa mmene ndinkaganizira pamene ndinkalitola kuseri kwa khitchini." Kenaka anapitiriza m'Chidagbani. "Mlimi uja anafesa mbewu yake yotsiriza mvula isanagwe. Ndi wolimba mtima, kapena ndi wopusa?"

Ana anayang'anana. Anayamba ndi Azara, mosadzutsa dzanja n'komwe.

"Ndi chitsiru, Aphunzitsi. Ali ndi ana kunyumba. Mbewu ikapsa m'nthaka adya ndakatuloyo?"

"Iwe sunalimepo," anatero mnyamata wina wa kumbuyo, amene a Ziblim anali asanamvepo mawu ake zaka zitatu. "Ukadikira mvula kuti uone ndi maso, anzako amakhala atamera kale. Bambo anga amafesa pouma chaka chilichonse."

"N'chifukwa chake mumabwera kudzapempha mapira kwathu."

Kalasi inagawikana pakati. Ena anaimirira, ena ankamenya madesiki, wina anatsegula buku n'kuloza mzere wachisanu ndi chiwiri, akuti taonani, mlimiyo sanayang'ane kumwamba n'kamodzi komwe, ndiye kuti sankadalira mvula, ankangofuna kuti mkazi wake amuone akugwira ntchito. A Ziblim anayang'ana mzerewo. Anali atauwerenga zaka makumi awiri, ndipo zimenezo anali asanazione. Anakhala pansi pampando, n'kumangomvetsera, ngati munthu amene wakhala zaka zambiri akugogoda pakhomo la nyumba, kenaka n'kuzindikira kuti loko anakhoma yekha, kiyi ali m'thumba mwake.

Patatsala mphindi makumi awiri anagogoda patebulo.

"Basi. Zonse mwakanganazi ndikuzifuna papepala, m'Chingerezi, masamba awiri. Ochonga a kumwera sanasinthe, akadali osamva Chidagbani."

Kalasi inabuula, koma zolembera zinayamba kuthamanga, ndipo manja ankakwera uku ndi uku, ana akufunsa mawu a Chingerezi a zinthu zimene tsopano ankafunitsitsa kunena.

Lachisanu pa asembule, nthawi yoitana wa fupa itakwana, a Ziblim anakwera okha pakhonde, naima pamalo pamene ankaima olakwa. A Issahaku anatuluka thukuta. Anawasendera pafupi, nanong'ona mofulumira, ataiwala kuti chimkuzamawu chili pakamwa pawo ndipo n'chotsegula.

"M'bale wanga, mwapenga? Dzulo lonse mwalephera kugwira kamwana n'kamodzi komwe? Ine ndingatume bwanji mphunzitsi kukatchetcha udzu?"

Mawuwo anamveka mpaka kumpanda, ndipo anali a Chidagbani chokhachokha. A Issahaku anayang'ana chimkuzamawu, nayang'ana ana, nayang'ana fupa. A Ziblim anagwira chingwe ndi manja awiri, nachikweza pang'ono kufika m'makutu. Mphunzitsi wamkulu anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Ahedi," anatero a Ziblim mwaulemu wonse, m'Chingerezi, "fupali tsopano ndi lanu. Mungakonde kulisunga pakhosi, kapena m'kabati ya mu ofesi?"

A Issahaku anaganiza mofulumira kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wawo.

"M'kabati," anatero. "Ndipo kabati imeneyo kiyi wake amavuta."

Udzu anatchetchabe a Ziblim, pakuti Lachisanu linali litawapeza ndi fupa, ndipo sanafune kuti wina adzanene kuti lamulo linafa pothawa mwini wake. Anavula tayi, napinda malaya, nagwira chikwakwa masana onse, mosadziwa bwino kagwiridwe kake. Tipagya ankawayang'ana ali pawindo la laibulale, buku la mayeso lili chitsegulire patsogolo pake.

Dzuwa litapendeka anafika potchetcha m'mbali mwa mpanda, pamene a Sanatu ankakazinga kose kunja kwa waya. Ana anali atadzazana pamenepo, phokoso la moni ngati pamsika. Ataona aphunzitsi anapatuka.

"Mayi a Tipagya," anatero a Ziblim akuyang'ana matuza m'manja mwawo, "mtedza wa kola uja munatumiza kumudzi unanyamula uthenga wanji?"

"Moni basi. Ndinangowonjezapo kuti mdzukulu wawo wavala chinthu chachilendo pakhosi, ndipo amene angafotokoze bwino ndi bambo ake, amapezeka pasukulu m'mawa, nthawi ya mizere."

"Ndiye za chithumwa zija ankakhulupiriradi?"

"Kawafunseni nokha. Akuti abweranso Lachiwiri. Tipagya wawauza zimene mumaphunzitsa za mafumu akale, ndipo akuti mbiri yanuyo ili ndi mabowo ngati dengu lakutha."

"Abwere. Ndiwapatsa fomu 3 ola lathunthu. Koma muwauze kuti ndidzawalandirira kuchipata, pamene pali mchenga wofewa. Mawondo angawa si a mnyamata."

Fungo la mafuta linawakumbutsa kuti sanadye chichokere m'mawa. Analoza m'chiwaya kudzera pawaya, natukula zala zitatu.

A Sanatu anapitiriza kutembenuza kose, osawayang'ana n'komwe.

"Nenani ndi pakamwa, Aphunzitsi," anatero. "Pano sitigulitsanso kwa osalankhula."